Galu wa pa Siteshoni ndi Lazaro wa pa Geti

Lamulungu la 26 pa Chaka, Chaka C
Amosi 6:1, 4-7, 1 Timoteo 6:11-16, Luka 16:19-31



Masabata atatu apitawo, titatha mapemphero a mphakati, ndinapatukira ku banja lina la m'parishi muno kukaona agogo amene akhala akudwala. Polowa pabalaza ndinapeza ana anayi ali pamphasa, maso ali pa wailesi ya kanema, misozi ili mbwembwembwe. Ngakhale moni anandipatsa wapakamwa chabe. Mayi wa pakhomopo anachita manyazi. "Pepani bambo mfumu, akulira galu." Ine ndinayesa kuti galu wawo wagundidwa ndi galimoto, mpaka ndinayamba kupepesa. Koma ayi, galu wawo anali gone kuseri kwa nyumba, ali bwinobwino. Woliridwayo anali wa m'kanema. Nditawapatsa agogo aja Ukaristia ndinabwerera pabalaza paja kuti ndione mathero ake, ndipo poti wansembe nayenso amalapa, ndiulule pano: pamene kanemayo amatha, ine ndinali kufufuza mpango m'thumba la mkanjo.

Pobwerera ku parishi funso linandigwira. Sabata lomwelo ndinali nditatsogolera Misa ziwiri za maliro, ndipo konse kuwiri diso langa linali louma gwaa. Nanga galu wa kutsidya kwa nyanja, amene sindinamuonepo, anandiliza bwanji? Funso limeneli ndayenda nalo mpaka lero, pamene Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka Woyera watibweretsera agalu ena, aja a pa geti pa munthu wachuma, amene ankanyambita zilonda za Lazaro.

Kanema amene anawo amaonera dzina lake ndi Hachi: A Dog's Tale, ndipo anatuluka m'chaka cha 2009. Richard Gere ndiye amasewera ngati mphunzitsi wa nyimbo amene anatola kagalu kosochera pa siteshoni ya sitima. Anthu a ku America anangoisamutsira kwawo nkhaniyi. Eni ake ndi a ku Japan, amene anali atapanga kale kanema wawo m'chaka cha 1987, ndipo zimene akusimba zinachitikadi. Galuyo anali wa mtundu wa Akita, anabadwa m'chaka cha 1923 kumpoto kwa dziko la Japan, ndipo chaka chotsatira anatengedwa ndi a Hidesaburo Ueno, pulofesa wa zaulimi pa yunivesite yaikulu ya mumzinda wa Tokyo. Madzulo aliwonse galuyo ankapita pa siteshoni ya Shibuya kukachingamira mbuye wake pochokera kuntchito. Pa 21 Meyi 1925 pulofesayo anagwa ali kuntchito komweko, mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu, ndipo sanadzukenso. Madzulo amenewo sitima inafika, anthu anatsika, mbuye wa galu kunalibe. Mawa lake galu anabweranso. Mkuja anabweranso. Anachita zimenezi mpaka pa 8 Malichi 1935, tsiku limene anapezeka atafa mumsewu wa kufupi ndi siteshoniyo. Munthu amene anakhala naye chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka anamudikira pafupifupi zaka khumi.

Zaka zoyamba anthu a pa siteshoni sankamukondwera. Ankamuona ngati galu wopanda mwini, wotsekereza njira, monga agalu amene timawagenda pamsika. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1932 nyuzipepala ya Asahi Shimbun italemba nkhani yake. Apo m'pamene anthu anayamba kumubweretsera chakudya, ndipo m'chaka cha 1934 anamuimikira chiboliboli iye mwini akadali moyo, akuonerera. Chiboliboli choyambacho anachisungunula pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nkuimika china m'chaka cha 1948. Chilipobe, ndipo anthu a ku Tokyo akamapangana pokumana amatchula dzina la galuyo.

Tsono n'chifukwa chiyani opanga makanema, akafuna kuonetsa chisoni cha imfa, amakonda kutengera galu? Ine ndikuona kuti n'chifukwa chakuti galu sauzidwa. Ife anthu tili ndi mawu ambiri ophimbira chisoni. Limbani mtima. Zimachitika. Ndi njira ya tonse. Mulungu wakonda. Mawuwa si oipa, ndipo inenso ndimawanena pa siwa. Koma nthawi zambiri amagwira ntchito ngati chivundikiro pa mphika wowira, kuti ofedwa asatitayire msuzi wotentha. Galu simungamuuze kuti alimbe mtima. Chisoni chake chimatulukira m'miyendo, amangodzuka ndi kupita pomwe anamuona komaliza mbuye wake. M'kanema uja moyo wa anthu ukupitirira monga uyenera: mayi wamasiye akugulitsa nyumba nkusamuka, mwana wamkazi akulera khanda, ana asukulu apeza mphunzitsi wina. Galu yekha ndiye akusungabe nthawi ya sitima yamadzulo. Ndipo woonera aliyense amene anaikapo munthu m'manda amazindikira msanga kuti m'kati mwake mulinso kagalu kotere, kamene kamatukula khutu geti likalira madzulo, kamene sikafuna kufufuta nambala ija m'foni, kamene kamatulutsabe mbale zisanu pamene odya atsala anayi.

Misozi yanga ya tsiku lija, kunena zoona, sinali ya galu. Inali ya bambo anga, amene ndinawaika ndili ku seminale, ndipo sindinawalire mokwanira chifukwa aliyense ankandiyang'ana ngati munthu wa Mulungu amene ayenera kulimbitsa ena. Galu wa m'kanema anangondipatsa chilolezo. Ndikudziwa kuti muno muli azibambo ambiri otere. Pa maliro a mkazi wanu munali kalikiliki ndi za bokosi, galimoto, ndiwo za alendo ndi kalata ya kwa amfumu, ndipo pofika nthawi yoti mulire, anthu anali atabalalika. Tinakula tikumva kuti mwamuna salira. Koma Yohane Woyera, m'mutu 11, akutiuza kuti Ambuye Yezu anaima pa manda a bwenzi lake, Lazaro wina wa ku Betaniya, nakhetsa misozi pamaso pa khamu lonse, ngakhale ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa.

Pali kanema wina wa ku America, Marley & Me, wa m'chaka cha 2008, wochokera m'buku la mtolankhani John Grogan. Galu wake ndi wosamva kotheratu. Amatafuna mipando, amagwetsa alendo, mpaka anameza mkanda wa mayi wa pakhomopo, ndipo mbali yaikulu ya kanemayo ndi yoseketsa. Koma pali malo amodzi amene sindiwaiwala. Banjalo likuyembekezera mwana woyamba. Apita kuchipatala kukaunika, ndipo awauza kuti mtima wa mwana sukugunda. Pobwerera kunyumba m'galimoto muli zii. Mwamuna akusowa chonena, akungozungulirazungulira. Atalowa pabalaza apeza mkazi wake wakhala pampando akulira, ndipo galu wopulupudza uja wakhala phee, mutu wake uli pamiyendo pa mayiyo. Sanabwere ndi malangizo. Sanamuuze kuti akadali wamng'ono adzabereka wina. Anangobwera pafupi nkukhala.

Ndikukamba za malo amenewa chifukwa kupita padera ndi maliro amene kwathu kuno sitiwalira poyera. Amayi achikulire ochepa amapita mwakachetechete kukachita zoyenera, kulibe kwaya, kulibe chipepeso, ndipo patangopita sabata mayi uja akuyembekezeka kubwerera kuntchito ngati anangodwala malungo. Ena mwa inu mwanyamula chisoni chimenechi zaka makumi awiri popanda wokufunsani. Ngati mukuwerenga, dziwani kuti Mpingo umamuwerengera mwana wanuyo ngati munthu, umamupereka m'manja achifundo a Mulungu, ndipo mukhoza kubwera kudzapempha Misa.

Mpaka pano ndawayamikira makanemawa. Koma nkhani ya Hachi ili ndi mbali ina imene kanema wa ku America uja sakuionetsa, ndipo ndi imene yandisowetsa tulo.

Pulofesa Ueno sankakhala yekha. Anali ndi mayi wina dzina lake Yaeko Sakano, amene anakhala naye pafupifupi zaka khumi, koma ukwati wawo sunalembedwe mwalamulo. Bamboyo atamwalira, mayiyu analibe gawo pa chuma chamasiye, ndipo anayenera kutuluka m'nyumba imene ankakhala. N'chifukwa chake galuyo anasowa pokhala, napatsidwa kwa anthu ena mpaka anakathera kwa munthu amene kale ankasamala maluwa pakhomo pa pulofesayo. Taganizani bwino. Imfa imodzi inasiya olira awiri. Mmodzi anamulemba m'nyuzipepala, anamuimikira chiboliboli, anamuika m'mabuku a ana asukulu, anamupangira makanema, ndipo chikopa chake chikusungidwa mpaka lero m'nyumba yosungira zinthu zakale ku Tokyo. Winayo anatuluka m'nyumba ndi katundu wake, dziko osamuona. Mayi Yaeko anamwalira m'chaka cha 1961, ndipo anaikidwa kutali ndi mwamuna wawo. Munali m'chaka cha 2016, patapita zaka 55, pamene anthu ena anatenga gawo la phulusa la mafupa awo nkukaliika pa manda a Aoyama, pambali pa pulofesa uja.

Sindikuwaweruza anthu a ku Japan, chifukwa nkhaniyi ndikuidziwa bwino kuchokera konkuno. Ndaonapo mayi wamasiye akutulutsidwa m'nyumba maluwa a pamanda asanafote, achibale a mwamuna akukangana za firiji ndi makiyi a galimoto. Ndaonapo ana akuchotsedwa pa sukulu teremu yomweyo bambo awo atangoikidwa. Ndipo anthu ochita zimenezi si zilombo ayi. Ndi anthu a mitima yofewa ndithu, oti atakhala pansi kuonera Hachi akhoza kulira kuposa ine. Apa ndiye pali msampha wa makanema otere. Kulira galu wa m'kanema n'kotsika mtengo. Sadzakupemphani fizi. Sadzabwera kudzakhala kwanu miyezi itatu. Sadzakuyankhani mwaukali chifukwa cha kuwawa kwa mtima. Pakatha ola limodzi ndi theka mumazimitsa kanema, nkudzimva kuti ndinu munthu wachifundo. Wofedwa weniweni ndi wolemetsa. Amabwereza nkhani imodzimodzi, nthawi zina amanunkha mowa, nthawi zina amadzudzula Mulungu inu mukumva.

Tiyeni tsopano tiime pa geti pa munthu wachuma uja. Ambuye Yezu sakunena kuti munthuyu anaba, kapena kuti anamenya Lazaro, kapena kuti anamuthamangitsa. Ankavala bwino, ankadya bwino tsiku ndi tsiku, ndipo ankadutsa. Mwa mafanizo onse a Ambuye, ndi muno mokha mmene munthu wa m'fanizo wapatsidwa dzina, ndipo dzinalo lapatsidwa kwa wosauka. Lazaro, kutanthauza kuti Mulungu ndiye amathandiza. Wachumayo ankalidziwa dzinali, chifukwa ali m'mazunzo akulitchula popempha Abrahamu kuti amutume Lazaro ndi kadontho ka madzi. Ankamudziwa, ankamuona, koma sanaime. Amene anaima ndi agalu. Kwa Ayuda a nthawi imeneyo galu sinali nyama yoisisita pamiyendo, inali nyama yonyansa yoyendayenda m'misewu, ndipo akatswiri ena a Malembo Oyera amati kunyambita kuja kunali kuwonjezera mazunzo a Lazaro, amene analibe mphamvu zowaingitsa. Ena, kuyambira kale, amaona chifundo m'malilime a agaluwo. Mulimonsemo, pa zolengedwa zonse za pakhomo paja, agalu okha ndiwo anazindikira kuti pa geti pali zilonda. Ndipo muone kuti Luka akutiuza za kuikidwa m'manda kwa wachuma, pamene za maliro a Lazaro sakunenapo kanthu. Wachuma anali ndi maliro aakulu, mwina a nkhata zambiri ndi zolankhula zazitali. Lazaro ananyamulidwa ndi angelo, poti panalibe wina womunyamula.

Mneneri Amosi, m'mawu oyamba, akudzudzula anthu a ku Ziyoni ndi ku Samariya ogona pa mabedi a minyanga ya njovu, odya anaankhosa onona, oimba ndi kumwa. Mlandu umene akuwapatsa pamapeto ndi wakuti kuwonongeka kwa abale awo sikuwadwalitsa mtima. Anthu amenewa ankakonda nyimbo, ndiye kuti mitima yawo inkakhudzidwa ndithu. Inkangokhudzidwa ndi zinthu zosawavutitsa.

Ife a m'tauni timadziwa kuyendetsa maliro, ndipo pamenepa ndikuyamikeni. Uthenga ukangofika pa gulu la WhatsApp la mphakati, amayi afika ndi ufa ndi nkhuni, kwaya ichezera usiku wonse, abambo asonkha za bokosi. Maliro n'kulirana, ndipo timalirana ndithu. Koma kulirana kwathu kumakhala masiku atatu. Tenti ikachotsedwa, mipando ikabwezedwa ku tchalitchi, alendo akakwera basi, pakhomo pamatsala zii. Ofedwa ambiri andiuza chinthu chimodzi: tsiku lowawa kwambiri si la kumanda, chifukwa tsiku limenelo munthu amakhala ngati waledzera, ndipo wazunguliridwa. Lowawa limabwera patapita mwezi kapena iwiri, pamene chipepeso chatha, foni yasiya kulira, ndipo anzako mumsewu ayamba kukulambalala chifukwa akusowa choti akuuze. Pa nthawi imeneyo, m'nyumba zambiri za m'parishi muno, amene amatsala akuyang'ana mayi wamasiye kumaso ndi galu wa pakhomo. Mayi wina anandiuza mosabisa kuti chaka choyamba amuna awo atamwalira ankakhala pakhonde madzulo nkumalankhula ndi galu, chifukwa ana ali kunja ndipo a mphakati anasiya kubwera. Ankaseka pondiuza. Ine sindinaseke, chifukwa pa anthu amene anasiya kubwerawo ndinalipo.

Achinyamata otumikira ku guwa mwina akuti bambo mfumu amangodziwa makanema oliza. Ndimamudziwanso John Wick, amene ambiri a inu munamuonera atamasuliridwa m'Chichewa. Kanema woyamba anatuluka m'chaka cha 2014, ndipo Keanu Reeves amasewera ngati munthu amene kale ntchito yake inali kupha anthu, koma anaisiya atakwatira. Mkazi wake wamwalira ndi matenda. Maliro atatha, pakhomo pafika kagalu kamene mkaziyo anakonzeratu asanamwalire, kuti mwamuna wake asalire yekha. Patangopita masiku ochepa, mwana wa mkulu wa zigawenga athyola nyumba, aba galimoto, nkupha kagaluko. Zotsatira zake mukuzidziwa bwino kuposa ine. Inu mumakumbukira mfuti, koma ine chimene chinandikhudza ndi chiyambi chija. Mayi ali pa bedi la imfa akuyang'ana anthu onse owazungulira, ndipo akuona kuti wodalirika woti angamusiyire mwamuna wake ndi kagalu. Ndipo kagaluko katachotsedwa, chisoni cha munthu uja chinasowa kolowera, chinasanduka mkwiyo.

Kanemayu amatiphunzitsa kuti bala la imfa limapola ndi magazi a munthu wina, ndipo timaomba m'manja. Komabe mitembo itachuluka chotere, mkazi uja akadali m'manda, ndipo panafunika makanema ena atatu, mu 2017, 2019 ndi 2023, magazi osakwanabe. Musaganize kuti zimenezi n'za ku New York kokha. Munthu akamwalira mwadzidzidzi kwathu kuno, funso loyamba m'mabanja ena limakhala lakuti wamupha ndani. Tamva kangati za agogo okalamba ogendedwa kumanda, kapena kuwotcheredwa nyumba, powaganizira ufiti? Amene amatola mwala woyamba kawirikawiri ndi munthu amene mtima wake wasweka, ndipo palibe amene anakhala naye pansi. Paulo Woyera m'mawu achiwiri akulangiza Timoteo kuti athamangire chilungamo, chikondi, kupirira ndi kufatsa. Kufatsa pa nthawi ya maliro munthu sakupeza yekha, amachita kugwiridwa mkono.

M'Baibulo muli galu mmodzi wa pabanja, ndipo ali m'buku la Tobiti, limene ife Akatolika tili nalo m'Chipangano Chakale. Tobiti wachita khungu, chuma chatha, ndipo akutuma mwana wake Tobiya ulendo wautali wa ku Mediya kukatenga ndalama zimene anasungitsa. Mnyamatayo anyamuka ndi mlendo amene kenaka adzadziwika kuti ndi mngelo Rafaele, ndipo galu wa pakhomo awatsatira. Wolemba sakumupatsa ntchito ina iliyonse galuyo. Akungomutchula popita, m'mutu 6, ndi pobwera, m'mutu 11. Koma m'buku lomweli muli munthu amene akuchita zofanana ndi za Hachi. Ndi Anna, mayi wake wa Tobiya. Masiku obwerera atapitirira, mayiyu anatsimikiza mumtima kuti mwana wake wafa, komabe tsiku lililonse ankatuluka kukayang'ana njira imene mwanayo anadzera, ndipo dzuwa likalowa ankabwerera kukalira usiku wonse. Mwamuna wake ankamuuza kuti akhale chete, mwana ali bwino. Iye sankamva. Tsiku lina ali pamalo ake omwewo anaona anthu akubwera. M'Baibulo la Chilatini limene anamasulira Jerome Woyera, galu uja ndiye anathamanga patsogolo, akugwedeza mchira, ngati wonyamula uthenga.

Hachi anadikira sitima imene sinabwere ndi mbuye wake. Opanga kanema sanathe kupirira mathero otere, ndiye anawonjezera loto: galu wokalamba wagona m'chisanu, akutseka maso, ndipo akuona chitseko cha siteshoni chikutseguka, mbuye wake akutuluka. Nayo yunivesite ya Tokyo m'chaka cha 2015 inaimika chiboliboli china, choonetsa galuyo akulumphira pulofesa wake, kukumana kumene sikunachitike pa Shibuya. Mtima wa munthu, kaya ndi wa ku Japan kaya ndi wa ku America, umakana kuvomera kuti chikondi chotere chingathere pa chitseko chotseka. Chimene iwo akuchijambula ngati loto, ife timachivomereza Lamulungu lililonse mu Kredo, pamene titchula kuuka kwa akufa ndi moyo wosatha. Mkhristu wofedwa amadikira monga Anna, ndi misozi yeniyeni, pa njira imene tsiku lina padzaoneka anthu akubwera. Koma Anna anali ndi Tobiti m'nyumba, ngakhale ankakangana. Chiyembekezo chimenechi n'chovuta kuchigwira uli wekha m'nyumba ya zipinda zinayi.

Mmodzi wa ana aja pabalaza anandifunsa ngati Hachi ali kumwamba. Mpingo sunagamulepo za galu aliyense, ndipo sindinafune kumunamiza mwanayo. Ndinamuuza zimene Paulo Woyera akuphunzitsa m'kalata yake kwa Aroma, mutu 8, kuti chilengedwe chonse chikubuula podikira kumasulidwa, ndiponso zimene Papa Francis analemba m'kalata yake ya Laudato Si' m'chaka cha 2015, kuti m'moyo wosatha cholengedwa chilichonse chidzakhala ndi malo ake. Makolo, mwana akamalira galu kapena mphaka wake musamuseke. Kawirikawiri imeneyo ndiyo imfa yoyamba imene mwana amakumana nayo. M'kanema wa Marley, galuyo atafa, banja lonse lisonkhana pa dzenje pabwalo, ana aikamo timakalata tawo, mayi aikamo mkanda uja. Mwana amene waona galu wake akutayidwa m'ngalande, nkuuzidwa kuti asiye zopusa, waphunzira kuti chisoni n'chochititsa manyazi, ndipo adzachikumbukira pa maliro anu.

Katekisimu wa Mpingo, ndime 2416 mpaka 2418, amatiyika pakati bwino. Nyama ndi zolengedwa za Mulungu, tiyenera kuzichitira chifundo, ndipo kuzizunza popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu wozunzayo. Kuzikonda n'kololedwa. Koma chikondi choyenera munthu chisapite kwa nyama, ndipo ndalama zoyenera kuthandiza anthu ovutika zisathere pa nyama. Mbali zonse ziwiri zikutikhudza mumzinda muno. Pali makomo amene galu amatsekeredwa m'kakhola ka malata tsiku lonse, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, wopanda madzi, ati kuti akhale wolusa. Palinso makomo amene galu amadya nyama ya ku butchala, pamene mlonda wochezera panja m'chisanu cha Juni sapatsidwa ngakhale kapu ya tiyi, ndipo malipiro ake amachedwa. Pa geti lotere fanizo la lero silifuna womasulira. Ndipo poti takamba za agalu, kabayitseni katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Achikulire amene anaonera Old Yeller, kanema wa 1957, akukumbukira mnyamata akuwombera galu wake wokondedwa chifukwa cha matenda amenewa, ndipo kwathu kuno chiwewe chikuphabe ana.

M'kanema wa Hachi malo amene anandiliza kwenikweni si imfa ya galuyo. Patapita zaka khumi mayi wamasiye uja abwerera m'tauni muja kudzaona manda a mwamuna wake. Podutsa pa siteshoni aona galu wokalamba, waubweya wothothoka, ali pamalo omwe aja. Mayiyo sanamukoke kuti azipita kunyumba, sanamuuze kuti nthawi yolira inatha. Anakhala pansi pambali pake, nadikira naye limodzi sitima yotsatira.

Ndapempha a ku ofesi ya parishi kuti atulutse m'kaundula mayina a akhristu onse amene tawaika kuyambira Januwale, pamodzi ndi miphakati yawo. Atsogoleri a miphakati adzatenge mapepalawo ikatha Misa yachiwiri. Mwezi wa Novembala tidzawapempherera omwalirawo monga mwa nthawi zonse, koma pepala ili ndi la otsala, kuti mwezi uno usanathe khomo lililonse lilandire anthu awiri kapena atatu, opanda kwaya, opanda zolankhula, opanda envelopu. Ine ndiyamba Lachiwiri madzulo ndi bambo wina amene tinaika mkazi wake m'nyengo ya Lenti, ndipo chiikireni sindinapondeko. Ndawaimbira foni dzulo. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati ndikafika pa geti ndiyambe ndaimba belu, kuti amange kaye galu.